Mtengo wa pa Manda a Khalidi

Che Dauda ndinawapeza kale pa nyumba ya abwana ku Al Markhiya, mumzinda wa Doha, pamene ndinkayamba ntchito yoyendetsa galimoto mu 2017. Iwo anali osamalira maluwa ndi kapinga. Anali munthu wamtali, woonda ngati nsungwi, wochokera ku Machinga m'munsi mwa phiri la Chikala, ndipo anali ndi khalidwe limodzi limene linkandiwawitsa mutu: sankadutsa chomera osafuna kuchidziwa. Tikatumidwa kukagula feteleza, ankayamba kundigwira phewa pakati pa msewu kuti ndiime, ati aona kachitsamba m'mbali mwa ngalande. Ine sindinkaima. Dzina langa ndine Wickson, kwathu ndi ku Kasungu, ndipo kwa ine zomera zili m'magulu awiri basi, zodyedwa ndi zosadyedwa.

Asanabwere ku Doha anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa nazale ya mitengo ku Ntaja. Manja awo anakulira pa ntchito imodzi: kusefa dothi lakuda, kusakaniza ndi manyowa, kuthira m'machubu, kufesa, kumanga shedi, kenako kheni ya madzi m'mawa ndi kheni ina madzulo. Ankadzitama kuti palibe mbewu inawakanapo, kaya mbawa, kaya msangu, ngakhale mlombwa umene umavutitsa anthu. Ku Doha luso limeneli linawayenera, chifukwa kuno chilichonse chobiriwira chimapuma ndi paipi. Ukaiwala kutsegula mpopi masiku atatu m'mwezi wa Julaye, kapinga amasanduka mphasa yakale.

Anali ndi mng'ono wawo, Khalidi, mlonda pa nyumba ina yosanja ku Onaiza. Khalidi ankagona ku Umm Ghuwailina, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi. Lachisanu tikapita kukamuona, tinkamupeza ali m'tulo atafunda bulangeti kumutu kokha, mapazi onse ali pamtunda, makina oziziritsa akumuwomba. Che Dauda ankamukoka chala chachikulu kuti adzuke, iye n'kudzuka akuseka. Anali munthu woseka msanga, ndipo ndi yekhayo amene ankatha kumvetsera nkhani za mitengo za akulu ake mpaka kumapeto.

Abwana athu anali ndi nyumba ina pa chisumbu cha Kupro, dzina limene ine ndinkangolimva kutchalitchi, kumene banja lonse linkathawirako Doha ikatentha. Kumayambiriro kwa Malichi 2020 anatumiza Che Dauda kumeneko kuti akadulire mitengo ndi kukonza mapaipi. Inali ntchito ya masabata awiri. Ndinawasiya ndekha pa bwalo la ndege ali ndi kachikwama kamodzi ndi jekete lobwereka. Sabata yachiwiri isanathe, korona inatseka zipata za maiko, ndege zinaima, ndipo munthu uja anatsala yekha m'nyumba ya zipinda zisanu ndi zitatu, pamwamba pa phiri loyang'ana kunyanja.

Ife kuno tinatsekeredwa m'mpanda, tikupukuta magalimoto osapita kulikonse. Iwo kumeneko ankaloledwa kutuluka kamodzi pa tsiku kukawongola miyendo, ndipo kuseri kwa nyumbayo kunkayambira nkhalango. Apa ndi pamene foni yanga inayamba kuvutika. Tsiku lililonse kunkabwera zithunzi ndi mauthenga a mawu, munthu akuwefuka pokwera mtunda.

"Achimwene, kuno kuli paini ngati ku Zomba, koma wamfupi, wopindika, mphepo yamukhotetsa. Pansi pake pali tizitsamba ta maluwa ngati pepala lokwinyika, masamba ake omata ngati ulimbo. Ndatikita m'manja, fungo lake mpaka pano silinachoke."

Mawa lake: "Lero ndapeza mtengo wa nyemba zakuda zazitali. Ndaluma imodzi yotsalira ya chaka chatha. Ndi bwemba ameneyu, kungoti anamuchotsa kuwawasa. Wallahi, mukanakhala pano!"

Popeza sankadziwa maina ake, ankazitcha okha. Panali kaulimbo, panali bwemba wa azungu, panali kaudzu kena konunkhira kamene anakatcha sopo wa mbuzi. Anapeza azitona akutchire, ndi mitengo ina ya makungwa ofiira osalala ngati mwendo wa mwana. Ankatsata tinjira ta mbuzi kutsika m'zigwa mpaka kukafika pomwe nkhalango imathera mwadzidzidzi, pa matanthwe oyera otsetsereka, nyanja ikuwomba pansi patali. Ndinkawayankha mwamwano kuti ena tili m'ndende pomwe ena ali pa holide. Koma kunena zoona, mauthengawo ndinkawadikira. Khalidi nayenso ankawalandira, ndipo ankawamvetsera ali pa geti, atavala chotseka pakamwa, akuyeza anthu kutentha kwa thupi.

Mu Meyi Khalidi anayamba kutsokomola. Anapita naye kuchipatala Lolemba, ndipo Lamlungu lotsatira anatisiya. Za kutumiza thupi kumudzi panalibe n'kuganiza komwe. Anaikidwa kuno, kumanda a kunja kwa mzinda. Tinalipo anthu anayi, titatalikirana, ndipo ine, Mkhristu, ndi amene ndinaimira banja.

Kwathu manda ndi nkhalango. Mudzi ukhoza kudula mitengo yonse n'kuwotcha makala, koma kumanda nkhwangwa sifikako. Ukakhala m'basi n'kuona kamsitu kowirira pakati pa minda, sufunsa kuti n'chiyani. Ndipo munthu sasowa m'bale wake: agogo ali pa muwanga wopindika uja, atate ali kuseri kwa msuku. Kumene tinamuika Khalidi kunali chigwa cha mchenga woyera, milu yofanana m'mizere yowongoka, uliwonse ndi kamwala ka nambala. Mthunzi wokha umene ndinauona tsiku limenelo unali wa galimoto yathu.

Titachoka ndinawaimbira Che Dauda.

"Mwamuika bwino?" anafunsa.

"Tamuika. A shehe anaswalitsa, zonse zayenda mwa dongosolo."

"Wagona pa mtengo wanji?"

Ndinati, "Palibe mtengo, Che Dauda. Pali nambala."

Ndinkangomva mphepo ya kunyanja ikuwomba mu foni, mpaka anadula.

M'mawa mwake kunabwera uthenga, mawu ali otsika. "Achimwene, ndapalamula. Ndalankhula ndi amayi. Andifunsa funso lomwe lija. Amayi nambala saidziwa, sanapite kusukulu. Akuti akamachita duwa, kumupempherera, amafuna aziona m'maganizo pomwe mwana wawo wagona. Ine pakamwa panangotuluka kuti mtengo ulipo, ndikafika ku Doha ndidzakuuzani dzina lake. Ndawanamiza amayi anga pa maliro a mwana wawo."

Amayi awo, Abiti Cassim, anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Ine ndinauza Che Dauda kuti bodza lotere ngakhale Mulungu amaliona ndi diso limodzi. Iwo anati ayi, bodza ndi bodza, ndipo njira yokhayo yolichotsera n'kulisandutsa choona. Anandifunsa ngati kumandako kuli mpopi. Ndinati sindinauone pafupi. Anati basi, ndiye pakufunika mtengo wosadalira munthu.

Kuyambira pamenepo maulendo awo anasintha. Poyamba ankayenda ngati mwana pa msika, chilichonse akufuna kugwira. Tsopano ankayenda ngati munthu wofuna mbuzi yosochera. M'nkhalango sankachedwamo, chifukwa mitengo ya m'menemo inali ndi dothi, inali ndi mthunzi wa inzake, inkamwa mvula ya m'nyengo yozizira. Ankapita kumatanthwe kwenikweni, kumene dzuwa limawomba mwala mpaka sungaponde wopanda nsapato, ndi kumene mphepo imabwera ndi mchere. Ankati chomera chimene chapirira pamenepo, ku Doha chikangoti ndafika kwathu.

Kumatanthweko ankakumana ndi nkhalamba ina yoweta mbuzi. Sankamvana chilankhulo ngakhale liwu limodzi, choncho Che Dauda anangoitcha a Ndevu. Ankacheza ndi zala. Che Dauda ankaloza chomera, a Ndevu n'kutchula dzina, n'kusonyeza ngati chimadyedwa, ngati n'cha m'mimba, kapena ngati chimapha mbuzi. Tsiku lina mu Juni a Ndevu anawakoka mkono mpaka m'mphepete mwa phompho n'kuloza pansi. Pa khoma la mwala, pomwe panalibe dothi ngakhale lodzaza supuni, panalendewera chitsamba chobiriwira bii, cha masamba ozungulira ngati makobidi, cha minga yokhota ngati mbedza. Maluwa ake anali oyera, okhala ndi tindevu tatitali tofiirira pakati. Zitsamba zina zonse zinali zitayamba kuuma, koma icho chinali ngati changomwa kumene.

"Kapari," anatero a Ndevu. Kenako anatsegula botolo lawo, anadontheza madzi pansi, n'kugwedeza chala kukana, kawiri konse.

Madzulo ake Che Dauda ananditumizira chithunzi ali ndi chimwemwe chimene ndinali ndisanachimve chimwalirire Khalidi. "Ndaupeza, achimwene. A Ndevu akuti pamenepa madzi sipafika. Tangoganizani, kakukula chonchi pa mwala, popanda wokasamala. Nanga nditakapatsa dothi labwino ndi manyowa?"

Ine sindinaone cholakwika m'mawu amenewo, ndipo sindikudziwa Mmalawi amene akanachiona.

Anadikira mpaka Ogasiti kuti zipatso zipse. Zikapsa zimang'ambika zokha, mkati mofiira, njere zambirimbiri, ndipo umalimbirana ndi abuluzi ndi nyerere. Ankagona chafufumimba m'mphepete mwa phompho, a Ndevu atawagwira miyendo, n'kumakola nthambi ndi ndodo. Njerezo anazitsuka, anaziyanika pa nyuzipepala, n'kuziika mu envulopu. Mu Seputembala chilolezo chobwerera chinatuluka. Anatsika ndege atada, ataonda kuposa kale, envulopu ili m'thumba la malaya.

Atatha masiku awo odzipatula ndinawatengera kumanda. Nambala inali pa pepala, koma tinasochera kawiri, chifukwa kuchokera mu Meyi mizere inali itawonjezeka. Titapapeza anaima nthawi yaitali, manja atatambasula, milomo ikuyenda. Potuluka anafunsa mlonda wa pa geti, bambo wa ku Sudan wa imvi, ngati n'kololedwa kudzala. Mlondayo anati mitengo ikuluikulu ayi, mizu yake imalowa m'manda a eni ake, koma kachitsamba kakang'ono palibe amene angakazule. Anawonjezera kuti ambiri anayesapo, ndipo dzuwa ndi limene limazula.

Kuseri kwa galaja Che Dauda anamanga nazale ngati ya ku Ntaja. Anasefa dothi lakuda logula m'matumba, anasakaniza ndi manyowa a nkhosa, anadzaza machubu, anamanga shedi ya neti. Kheni m'mawa, kheni madzulo. Patapita masabata asanu ndi limodzi tinamera timitengo tisanu ndi tiwiri, ndipo anandidzutsa ngati kwabadwa mwana. Tinakula mpaka masamba anayi. Kenako kamodzi kanada patsinde n'kugwa. Iwo anati kasowa chakudya, anawonjezera manyowa. Kachiwiri kanagwa. Anati mwina ludzu, anawonjezera madzi. Pofika Disembala machubu onse anali dothi lokhalokha. Anafesanso, anasamala koposa poyamba, ndipo tinamera titatu n'kufa chimodzimodzi.

Ndinawapsera mtima, chifukwa ndinkaona munthu akutha. "Che Dauda, tiyeni ku nursery tikagule kamaluwa kalikonse, tikadzale, mujambule photo, mutumize. Khalasi, nkhani yatha! Amayi akadziwa bwanji?"

"Pakatha one week kadzauma," anatero. "Ndiye ndidzakhala nditawanamiza kawiri."

Tsiku limene kotsiriza kanagwa, mu Febuluwale, ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo: Che Dauda atakwiya. Anakankha machubu ndi phazi, anatulutsa envulopu ija, n'kumwaza njere zotsala pa mulu wa zidutswa za mabuloko zimene amisiri anasiya atakonza mpanda. Anati mbewu yamwano ngati imeneyi sanaionepo. Kenako anakatenga tsache n'kusesa dothi limene anataya, chifukwa ngakhale atakwiya sankatha kusiya pamalo pali pauve.

Nthawi yomweyo malamulo a ntchito anali atasintha. Kale kuti uchoke kwa bwana wina kupita kwa wina, unkafunika kalata ya chilolezo chake, yotchedwa NOC, ndipo akakana unkangokhala. Tsopano unkangopereka notisi. Anthu anayamba kusuntha ngati nyerere mvula ikayandikira. Inenso mu Epulo 2021 ndinapita ku kampani ina yonyamula katundu, kumene Lachisanu limakhala langa lonse. Kontirakiti ya Che Dauda inatha mwezi womwewo. Abwana, amene sanali munthu woipa, anawauza kuti akafuna kupita kwawo tikiti ilipo, akafuna kukhala akhale. Mkazi wa Che Dauda, Fauziya, ankaimba foni sabata iliyonse. Ana a Khalidi ankafunika bambo pakhomo. Panalibe pepala kapena munthu amene ankawagwira, koma iwo anasainanso.

"Mukudikira chiyani?" ndinawafunsa. "Masiku ano kulibe za NOC, kulibe za exit permit. Yala, pitani kwanu."

"Ndikakafika, amayi akandipatsa madzi akumwa, kenako akandifunsa dzina la mtengo. Ndikayankha chiyani?"

"Mukawauze zoona."

"Zoona zake n'zoti mwana wawo wagona pa dzuwa ngati chinangwa choyanika. Inu mungawauze amayi anu zimenezo?"

Chaka chimenecho chinali choipa. Abiti Cassim ankafunsa, Che Dauda n'kumati akufufuzabe dzina lake, poti mitengo ya kuno ndi yachilendo. Ntchito ankagwira bwinobwino, kapinga wa abwana anali wobiriwira ngati kale, koma ndikawatenga Lachisanu kupita kumanda sankandigwiranso phewa pa msewu. Ine amene ndinkadana ndi khalidwe lija ndinayamba kuchepetsa liwiro dala tikamadutsa pa zitsamba, kuti mwina anena kanthu. Ankangoyang'ana kutsogolo.

Chakumayambiriro kwa 2022 kunagwa mvula, ya ku Doha, ya masiku awiri atatu, yokwanira kudzaza misewu ndi kusokoneza madalaivala. Patapita mwezi ndi theka foni yanga inalira ndili pa ntchito.

"Achimwene, mukaweruka mubwere. Musafunse."

Ndinawapeza atakhala pansi kuseri kwa galaja, pafupi ndi mulu wa mabuloko uja. Analoza ndi chibwano. Mu mng'alu wa buloko losweka, lodzaza simenti youma ndi fumbi, munali kachomera kotalika ngati chala, ka masamba asanu ndi limodzi ozungulira. Pansi pa tsamba lililonse panali timinga tiwiri tokhota. Njere ija inakhala pamenepo chaka chathunthu, inapsa ndi dzuwa la Julaye, palibe anaithirira, palibe anaiyang'ana.

Che Dauda ankaseka, misozi ikutsika. "A Ndevu anandiuza, achimwene. Anathira madzi pansi n'kukana ndi chala. Ine ndinamva kuti kakusowa madzi, kachisoni. Iwo ankati musakapatse! Ndinakaona ndi maso angawa kali pa mwala, miyezi itatu ndikukayang'ana. Koma manja angawa ndi osamva. Maso anaona mwala, manja anakatenga manyowa."

Sanayerekeze kukazula. Anadikira masabata atatu kuti kalimbe, kenako Lachisanu lina m'mawa tinanyamula buloko lonselo, tinaliika pa thireyi ya tiyi, iwo n'kulifungatira pamiyendo ulendo wonse. Ndikaponda bampu ankandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Shwaya shwaya, pang'onopang'ono, a dalaivala, simunanyamule simenti ya kampani."

Pa geti mlonda wa ku Sudan uja anasuzumira m'galimoto, anayang'anitsitsa, n'kuyamba kuseka. "Shafalah!" anatero. Anatifotokozera m'Chingerezi chake chothyokathyoka kuti kachitsamba kameneka kamamera kokha m'chipululu cha konkuno, m'miyala ya kumpoto ngakhale m'mbali mwa misewu ina, ndipo ngamila zimakabudula. Anatikweza dzanja kuti tilowe.

Ine sindinathe kudzigwira. "Ndiye kuti munakagona chafufumimba pa phompho kutsidya kwa nyanja, nkhalamba itakugwirani miyendo, kufuna chinthu chimene chili kuseri kwa Doha?"

"Ndikanachiona bwanji kuno?" anayankha osandiyang'ana. "Inu simunkaima."

Mawu amenewo anandilowa, ndipo mpaka lero akadali m'kati.

Anakumba kumutu kwa manda ndi manja ndi kakhasu ka maluwa, anakwirira bulokolo theka, n'kuzunguliza miyala kuti mphepo isafukule. Tinali titatenga chigubu cha malita asanu, mwa chizolowezi. Anachitsegula, anachipendeketsa, kenako anaima. Anachitsekanso, anapita kugalimoto, n'kutenga kakapu ka pepala kamene tinamwera tiyi wa karaki panjira. Anadzaza kamodzi, anathira pa buloko, osati pa tsinde, n'kubwerera m'mbuyo ngati munthu wothawa yesero.

Sanapite kwawo nthawi yomweyo. Anati ayambe aona ngati kadutse chilimwe, chifukwa sangakatchule kwa amayi dzina la mtengo wakufa. Miyezi yotentha yonse tinkapita kawiri pa mwezi, m'mamawa dzuwa lisanakwiye, ndi kakapu kamodzi. Mu Ogasiti masamba anatuwa ndi fumbi, ena anagwa, ndipo ine ndinawachonderera kuti tithire chigubu chonse kamodzi kokha. Anakana, ngakhale ndinaona kuti mtima wawo ukufuna kuposa wanga. Kwa munthu amene moyo wake wonse unali kheni m'mawa ndi kheni madzulo, kuima pamenepo ndi madzi m'manja osathira inali ntchito yolemetsa kuposa zonse zimene anagwirapo. Pobwerera tsiku limenelo anandigwira phewa pa msewu. Ndinaima, magalimoto akuliza mahutala kumbuyo, iwo n'kutsika kukaona kaudzu kena kopanda pake.

Pofika Okutobala kachitsamba kanali katatambalala kukula ngati lichero, nthambi zikukwawa pa mchenga. Maluwa kanali kasanayambe. Che Dauda anakajambula kuchokera mbali zonse, anapereka notisi, ndipo abwana anawagulira tikiti. Pa bwalo la ndege anandipatsa kakapu ka pulasitiki kofanana kukula ndi ka karaki kaja, atalemba mzere ndi cholembera pomwe madzi ayenera kulekezera. Anati kamodzi pa mwezi m'chilimwe, m'nyengo yozizira ayi, ndipo chaka chamawa ndisiyiretu. Anandilumbiritsa ngati ndine mwana, ine bambo wa ana atatu.

Patapita masiku anayi kunabwera uthenga wa mawu. Kumbuyo kunkamveka nkhuku ndi ana.

"Achimwene, ndafika bwino, alhamdulillah. Amayi andipatsa madzi, ndamwa, kenako afunsa. Ndawauza kuti dzina lake ndi kapari, Aluya amati shafalah. Ndawauzanso zonse, kuti tsiku lija ndinanama, kuti mtengowo ndadzala ndine. Sanakalipe. Anatenga foni, anaiyandikitsa kumaso, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako akuti, kamtengo kake n'komweka? Ndati n'komweko, amayi. Akuti, nanga mthunzi wake ukufika pati? Ine manyazi anandigwira. Ndati kumutu kokha, amayi, kwina konseku kuli pa dzuwa."

Kenako anapitiriza.

"Akuti, basi, wakwana. Khalidi chibadwire amafunda kumutu kokha, mapazi amasiya pamtunda."

Uthengawo ndinaumvera ndili pa mzere wa magalimoto ku Onaiza, pafupi ndi nyumba imene Khalidi ankalondera, ndipo ndinalira mpaka wa kumbuyo anandiimbira hutala. Kakapu kaja kamakhala m'galimoto mwanga, ndipo sindinapyolepo mzere.